Mazira Achikole kwa a Bwampini

Abwerera! Anzanga, mazira a amayi abwerera kunyumba, onse, palibe ndi limodzi lomwe losweka! A Bwampini agonja dzulo pabwalo, alira ngati mwana, ndipo chinsengwa chawo chija chatenthedwa nyama zonse zikuona. Iwe Natimba, usandikoke phiko, ndikudziwa kuti belu latsala pang'ono kulira. Dikira ndipume kaye, ndathamanga kuchokera kwathu osaima.

Mukuti ndiyambe bwinobwino? Chabwino, khalani pansi, muzindiyankha monga timachitira. Kudangokhala, osati kalekale ayi, chaka chino chomwe, mayi wina wamasiye dzina lake Nkhanga. Ndiwo amayi angawo. Mwati tili limodzi? Eya, tiyeni.

Mukukumbuka kuti bambo anakodwa mumsampha wa alenje m'miyezi ya njala ija. Pamaliro panabwera khamu, ndipo olira maliro sabwerera osalawa kanthu. M'nyumba munalibe chilichonse koma mazira amene amayi anali atangoikira, asanayambe n'kufungatira komwe. Amalume a Nkhwali, omwe ndi eni mbumba yathu, anali kutali kumaganyu, uthenga unawapeza mochedwa. Ndiye amayi akanatani? Anapita kumene aliyense amapita zikavuta: kuuna kwa a Bwampini, mwini katapila.

Inu simunalowemo. Ine ndinalowamo, ndinawaperekeza. A Bwampini ali ndi kachitidwe kawo. Sakulandira ndi nkhope yoipa ayi. Amakuyalira mphasa, n'kukutapira mtedza wokazinga wothira mchere, ati mlendo sayankhula ali ndi njala. Iwe poti watha masiku osadya bwino, umangoti m'kamwa tho! Ukadzaza m'kamwa m'pamene iwo amayamba kutchula malamulo a ngongole, mothamanga ngati matalala padenga. Akakufunsa kuti, "Mwamva?" ungayankhe bwanji? Umangogwedeza mutu. Ndipo pakhomo pamakhala pataima a Kanyimbi, kapitawo wawo, mboni yoona mutu ukugwedezeka.

"Nsengwa imodzi yokha, bwana," anatero amayi. "Ya olira maliro."

"Imodzi? Kanthu kochepa! Idyani kaye, mayi. Tsiku la msika mudzabweza ziwiri, basi. Palibe changu."

Amayi anatafuna, a Bwampini anayankhula. Ine mawu okha amene ndinawagwira ndi akuti chikole.

"Chikole ndilibe, bwana," amayi anatero atameza.

"Mwagwedeza kale mutu, mayi. Mazira aja. Angogona kuno mpaka tsiku la msika. Kanyimbi, pita ukatenge."

Poyeza mtedzawo anayimba nyimbo yawo ija. Ndi kanyimbo kofewa ngati kotonthozera mwana, konena za njere imodzi imene imagona n'kudzuka ili ndi mwana, mwanayo n'kugonanso n'kudzuka ali ndi wake. Iwo amatsogolera ndi mawu a m'mphuno, a Kanyimbi n'kumavomera ndi liwu lotopa. Ukaimva koyamba umafuna kuvina.

Maliro atatha amayi anapalasa, inenso ndinkapalasa ndikaweruka kusukulu, zikhadabo mpaka kutha. Tsiku la msika tinanyamula nsengwa ziwiri zodzaza.

"Mwachita bwino!" anatero a Bwampini. "Kanyimbi, bweretsa yoyezera."

A Kanyimbi anatulutsa nsengwa, koma si ija anatibwerekera nayo. Ichi chinali chinsengwa, iwe Natimba ukhoza kusambiramo ndi abale ako onse.

"Bwana, si imeneyi," anatero amayi.

"Ija ndi yotulutsira, iyi ndi yolandirira. Ndinanena, inu munagwedeza mutu. Kanyimbi, sanagwedeze?"

"Anagwedeza," anatero a Kanyimbi, maso ali pansi.

Mtedza wathu wonse unangodzaza chinsengwacho kamodzi.

"Komanso pali ya chitseko," anatero a Bwampini. "Nkhokwe siitseguka yokha. Zotsalazi zibereka pofika msika winawo."

"Ndingowaonako mazirawo, bwana."

"Kuonanso kuli ndi mtengo wake."

Anayimba nyimbo ija. Tinabwerera osawaona.

Amayi anagulitsa mtondo, anagulitsa mphasa, anakagwira ganyu kwa a Nguluwe. Msika wachiwiri tinafika ndi zokwanira chinsengwa chija, ya chitseko ili pambali.

"Nanga ya mapazi?"

"Mapazi ati, bwana?"

"Kanyimbi anabwera kwanu kudzakukumbutsani. Mapazi amatha. Ndiponso mazira anu akugona m'nyumba mwanga. Ndani amagona kwa eni kwaulere? Pali ya malo ogona. Zotsalazi zibereka."

Anayimbanso. Ulendo uno sindinafune kuvina.

Amayi anati, "Namawanga mwanawe, tsopano tipita msika usanafike, kuti a Kanyimbi asayende, ngongole isabereke." Tinapita tsiku loti mawa ndi msika.

"Lero?" anatero a Bwampini. "Lero si tsiku lake. Wobweza msanga amandilanda chiwongoladzanja changa. Pali chindapusa."

"Ndiye tibwera mawa."

Mawa lake chitseko chinali chotseka. Tinagogoda mpaka dzuwa kupendeka. A Kanyimbi okha ndiwo anasuzumira n'kuti, "Abwana apita kukayendera angongole ena." M'mawa mwake tinawapeza ali pampando.

"Mwachedwa, mayi. Pali ya kuchedwa." Kenaka anasiya kumwetulira. "Ndatopa nanu. Msika ukubwerawu mukapanda kumaliza, chikole ndi changa. Mkazi wanga wakhala akundifunsa kuti mazirawo tikazinga liti."

Anayimba akunyambita milomo. Tinabwerera ndi mtedza wathu. Ine ndinkangoganiza kuti awo ndi ana omaliza a bambo, ndipo akupita mumphika asanaone ngakhale dzuwa.

Tili limodzi? Chabwino, apa m'pamene zinatembenukira.

Pakhomo tinapeza amalume atakhala, fumbi mpaka m'mawondo. Mukuwadziwa: afupi, miyendo yofiira, amaseka nthabwala asanaimalize. Amati chibadwire sanagulepo mowa, koma sanagonepo ndi ludzu. Analira kaye ndi amayi za bambo. Atapukuta misozi anamvetsera nkhani yonse, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Mlongo, mtedza wokazingawo anakupatsa asanayankhule kapena atayankhula?"

"Asanayankhule, achimwene."

"Nanga iyeyo, wa ena amadya?"

Ndinayankha ndine. "Amalume, njere ikagwa pansi amaitola n'kuika m'masaya. Masaya awo ndi matumba."

"Eti? Mtedza mwabwerera nawowo usungeni. Namawanga, mawa undiperekeze. Koma pakamwa utseke, chilichonse chimene ndinene."

M'mawa mwake tinafika kuuna.

"Odi kwa abwana! Ine ndine mlongo wake wa mayi wopusa uja."

"Mwabwera kudzalira?" anafunsa a Bwampini.

"Kulira? Ndabwera kudzaphunzira! Mbiri yanu inafika mpaka kumene ndinali. Koma zimene ndamva panjira zandikhumudwitsa. Ati mukufuna kudya mazira."

"Ndi anga."

"Ndi anu, akukana ndani? Koma inu a Bwampini, amene mumabereketsa njere, mudye chikole tsiku limodzi, mawa njala? Zimenezo amachita ndi a Ng'azi, osaphunzira. Mukalanda mazira pamsika ukubwerawu, ngongole yathera pomwepo. Koma mutati tsiku lolanda likhale tsiku loswa, ngongole izingobereka, ndipo podzalanda simudzalanda mazira. Mudzalanda anapiye. Mwana wa nkhanga amapalasa moyo wake wonse. Ndipo aakaziwo nawonso adzaikira."

Ndinaona ndevu za a Bwampini zikunjenjemera. "Nawonso adzaikira," anabwereza, kanyimbo kaja kakutulukira m'mphuno.

Anzanga, ndinafuna kuwajompha amalume m'diso. Azing'ono anga, akapolo a Bwampini? Koma ndinali nditalonjeza, ndinangoluma mlomo.

"Lamulo lokha mulisamale," anatero amalume. "Chikole chikaonongeka m'manja mwa wosunga tsiku lisanakwane, ngongole imafera pomwepo."

"Ndimalidziwa kuposa inu."

Tsiku lomwelo a Bwampini anapita okha kwa a Nang'omba, woweruza milandu, aja oyenda pang'onopang'ono a mawu ngati ng'oma, n'kukanena kuti tsiku lolanda chikole lasintha, likhala tsiku loswa mazira.

Tsono dzira siliswa lokha, limafuna kufungatira.

"Kufungatira n'chiyani?" anatero a Bwampini. "Si kungokhala?"

Anakhalapo okha. Sipanatenge nthawi, anamva njere yagwa munkhokwe, anadumpha kukatola. Anabwerera, anakhalanso. Wina anati odi pakhomo kudzabwereka, anadumphanso. Pofika masana mazira anali ozizira ngati miyala.

"Kanyimbi, khalapo ndiwe!"

A Kanyimbi anakhala bwino ndithu, osagwedezeka. Koma chinsengwa chija chinagwa kumbuyo kwawo, iwo n'kudzidzimuka. Mukudziwa zimene zimachitika a Kanyimbi akadzidzimuka. Musaseke kwambiri, aphunzitsi a Kakowa atimva! Akazi a Bwampini anamanga katundu n'kupita kwa amayi awo.

A Bwampini anafunsa a Nkhuku, anakana. Anafunsa a Bakha, anakana. A Njiwa sanatsike n'komwe. Onsewo analawapo kale mtedza wokazinga uja, ndiponso amalume anali atadutsa m'makomo mwawo.

Kenaka amalume anafika kuuna, anatola dzira limodzi, analiika patsaya, n'kupukusa mutu.

"Pepani, bwana. Mawa likhala losukuluka. Ngongole yanu ikufa."

"Ndiye nditani?"

"Alipo mmodzi, koma ngwovuta. Mlongo wanga yemwe uja. Ndikamunyengerera, koma akhala waganyu, si zaulere. Ndipo ndiitana a Nang'omba adzamve okha, kuti asadzakuthawireni pakati."

"Mwaganiza bwino! Aitaneni."

Kunyumba kunali moto, chifukwa ine ndinali nditawauza amayi zonse.

"Mwagulitsa ana anga, achimwene!"

"Mlongo, kazinga mtedza uja. Uthire mchere wambiri."

"Mwapenga? Ndi womaliza! Ndi wobwezera ngongole!"

"Ukaupereka wauwisi, mawa akutchulira ya mpweya umene wapuma m'nyumba mwake. Ngongole imeneyi sinapangidwe kuti ithe. Ndikufunsa chinthu chimodzi: ukufuna kukhala pa mazira ako kapena ayi?"

Amayi anatenga phale n'kusonkha moto. Ankakazinga akulira.

Tinapita tonse. A Nang'omba anali atafika kale, a Kanyimbi ali pakhomo. Amalume anaika mtedza pamaso pa a Bwampini, ukadali wotentha.

"Kamphatso, bwana. Mkulu sayankhula ali ndi njala."

Waulere! A Bwampini anatapa, anaika tsaya ili, anatapanso, anaika linalo, kuopa kuti a Nang'omba angatapeko. Masaya anafufuma ngati maungu awiri. Pomwepo amalume anayamba, mothamanga ngati matalala padenga.

"Usana nsengwa, usiku nsengwa. Pali ya kutembenuza mazira, pali ya mapazi, pali ya nthenga zothothoka. Yoyezera ndi yolandirira ya m'nyumba muno. Wolipira msika usanafike chindapusa, wochedwa chindapusa, zotsala zibereka pamsika uliwonse. Mwamva, bwana?"

A Bwampini anatulutsa maso. Anayesa kuyankhula, kunangotuluka mata. Analoza nkhokwe, n'kuloza pansi, ngati akufunsa kuti kodi alipire lero.

"Lero ayi!" anatero amalume. "Mudzalipira pambuyo. Palibe changu."

Anzanga, palibe chimene a Bwampini amadana nacho ngati kutulutsa kanthu lero. Atangomva kuti pambuyo, mtima unakhala pansi. Anagwedeza mutu, mwamphamvu, mpaka njere ina kugwa.

"Ndaona," anatero a Nang'omba.

A Kanyimbi anayang'ana khoma, mapewa akugwedezeka.

Amayi sanadikire. Anapita pamene panali mazira, anawasonkhanitsa ndi mlomo, anatambasula mapiko, anatsika pang'onopang'ono, n'kutseka maso. Kodi munali moyo m'menemo, atazizira nthawi yonse ija? Palibe ankadziwa. Ngakhale amalume nditawafunsa panjira anangoti, "Pemphera, mwanawe. Apo nzeru zanga sizifikapo."

Misika inadutsa. Tsiku lililonse la msika a Bwampini ankaima pamaso pa amayi n'kuyimbira ngongole yawo nyimbo ija, amalume ali panja kuvomera mokweza kuposa a Kanyimbi. A Bwampini ankakondwa, ati munthuyu ndi wophunzira wabwino. Mpaka msika wina amalume sanadikire kuvomera. Anayamba okha kutsogolera, ndi mawu a m'mphuno omwe aja, akuvina pakhomo.

"Bwanji mukuyimba nyimbo yanga?"

"Ndikuyimbira njere za mlongo wanga, bwana. Zikubereka munkhokwe mwanu."

"Njere ziti? Ya ganyuyo ndidzachotsa pangongole yake."

"Chotsani, bwana, tione chotsala. Yake imabereka pamsika pokha. Yanu imabereka pamsika, komanso usana uliwonse kumabadwa yatsopano, usiku yatsopano, zonse zoyezera chinsengwa chija."

A Bwampini anayamba kuwerenga ndi zala za kutsogolo. Zinatha. Anagwira za kumbuyo. Zinatha. Ndevu zinagwa.

M'mawa mwake anathamangira kwathu atasenza mtedza kuti alipire. Amalume anati, "Lero si tsiku lake, bwana. Pali chindapusa." Tsiku la msika anabweranso, anapeza chitseko chotseka, amalume atapita kukamwa kwa a Nguluwe. Tsiku lotsatira amalume anawalandira ndi ulemu wonse n'kuti, "Mwachedwa, bwana."

Museka, koma dzana palibe anaseka. Natimba, gwira phiko langa.

Dzana nditaweruka ndinawatengera amayi madzi kuuna. Amalume kunalibe. Tili awiri m'menemo, analowa a Bwampini, maso ofiira, mano panja.

"Dzuka! Choka pamenepo!"

"Ndikadzuka azizira, bwana."

"Tsiku lililonse wakhalapo ukundidyera nkhokwe! Dzuka!"

"Ndikachoka afa, ndipo afera m'manja mwanu."

Anawakankha. Amayi anagwera cham'mbali, ndipo a Bwampini anatola dzira limodzi, analikweza mpaka pamano.

"Ndiwadya onse pano. Ndikanena kuti mwini wake ndiye wawaswa dala kuti athawe ngongole. Amva ndani? Mayi wangongole ndi kamwana kasukulu?"

Amayi anagwada, khosi pansi.

"Bwana, tengani ine. Ndikupalasirani mpaka kufa. Dziralo liikeni."

Ndinamva mano akukhudza chigoba. Pomwepo pakhomo panamveka mawu otopa aja.

"Ndikuona, bwana."

Anali a Kanyimbi.

"Iwe umaona zimene ndakuuza kuti uone!"

"Ndaona mitu yambiri ikugwedezeka m'nyumba muno. Wanga womwe unagwedezeka, n'chifukwa chake ndimakuimirani pakhomo osalipidwa. Wanunso ndinauona. Ikani dziralo pansi."

"Ukapanda kuchoka..."

A Kanyimbi anangolowa, anatseka chitseko, anatembenuka kuwalozetsa msana, n'kukweza mchira pang'onopang'ono.

Una wa a Bwampini uli ndi khomo limodzi, anzanga.

Dzira linatsika. Linatsika pang'onopang'ono, ndi manja awiri, mpaka pamalo pake. Amayi analikokera pansi pa phiko. Ine ndinatuluka ngati muvi kukaitana amalume, amalume n'kukadzutsa a Nang'omba patulo tamasana, ndipo a Kanyimbi sanachoke pambali pa amayi mpaka mlandu unaitanidwa.

Dzulo bwalo linadzaza, n'chifukwa chake simunandione kusukulu. Panali a Nkhuku, a Bakha, a Nguluwe, a Njiwa, onse amene analawapo mtedza wothira mchere. Amayi okha ndiwo anatsala pa mazira. Amalume anatchula ngongole ya amayi, inali yaikulu ndithu. Kenaka anatchula ya a Bwampini. A Nang'omba anachotsa iyo pa iyi, n'kufunsa ngati nkhokwe ingakwanitse chotsalacho. Sikanakwanitsa, ngakhale ataonjezapo una womwe.

A Bwampini anadumpha. "Sindinavomere ine! Sindinamve n'komwe! Munthuyu anayankhula mothamanga, m'kamwa mwanga muli modzaza. Ndikanakana bwanji?"

Amalume anayang'ana kumwamba ngati palibe chimene amva.

A Nang'omba anayenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pawo.

"Nenaninso, a Bwampini, aliyense amve. Wogwedeza mutu m'kamwa muli modzaza, wavomera kapena sanavomere?"

A Bwampini anatsegula pakamwa, kenaka anacheuka. Anaona makosi onse atatalika kuwayang'ana. Apo m'pamene anazindikira. Akati wavomera, nkhokwe yapita, una wapita. Akati sanavomere, ndiye kuti palibe ndi mmodzi yemwe pabwalopo amene anavomerapo ya chitseko, ya mapazi, ya kuchedwa, kapena chinsengwa chija.

"Ndiganize kaye," anatero.

"Kuganizanso kuli ndi mtengo wake!" anakuwa a Bakha kumbuyo.

"Yankhani," anatero a Nang'omba.

Misozi inayamba kutsika m'ndevu. Anayang'ana kumene kuli nkhokwe yawo, n'kunong'ona kuti, "Sanavomere."

"Sitinamve!"

"Sanavomere!"

Eee, anzanga, phokoso lake! A Nang'omba anachita kudikira kuti adule mlandu. Anati aliyense abweze chimene anatenga, ndi nsengwa yomwe anatengera, ndipo amene anabweza kale watha. Anati kuyambira tsopano wobwereketsa azitchula malamulo ake onse poyera, wobwereka n'kuwabwereza ndi pakamwa pake, mtedza uzibwera pambuyo. Anati amayi nsengwa yawo imodzi ija anaibweza kalekale, mobwerezabwereza, mazira apite kwawo lero lomwe. Anati a Kanyimbi ndi mfulu. Chinsengwa chija anachiika pakati pa bwalo, a Nkhuku n'kuyatsa.

Tonse tinakhamukira kuuna kukawauza amayi. Amalume anali asanakhutire.

"Nanga ganyu ya mlongo wanga? Ngakhale pang'ono?"

"Achimwene," anatero amayi, "mayi salipidwa pofungatira ana ake. Ndithandizeni kunyamula."

Amalume anavomera, koma potuluka ndinawaona atapanira nsengwa m'khwapa. Nditawayang'ana anati, "Ya mapazi, mwanawe. Mapazi amatha."

Mazira ananyamula ndi a Kanyimbi, ati poti anachotsa ndi iwo abweze ndi iwo, amayi akuyenda pambali ataphimba ndi phiko kuti mphepo isawaombe. Khamu lonse linatiperekeza likuyimba nyimbo ya a Bwampini, kayimbidwe komwe kaja, koma mawu atasintha: tsopano inkanena za njere imene inagona yokha n'kudzuka yokha monga inagonera. Ankatsogolera ndi a Kanyimbi. Sindinkadziwa kuti ali ndi liwu lokoma chotere.

Koma mtima wanga sunakhale pansi. Onse ankavina, ine ndinkangoganiza za masiku aja mazira anazizira ngati miyala. Nanga titawabweza ali akufa? Amayi nawonso sanavine. Anangolowa m'nyumba n'kukhala pa mazira, osadya.

Lero m'mawa ndikukonzeka kubwera kuno, anandiitana motsitsa mawu.

"Namawanga, bwera. Ika khutu apa."

Anakweza phiko. Ndinaika khutu pa dzira lija, lomwe lija lili ndi kachipsera ka mano a Bwampini. Poyamba palibe. Kenaka go. Go, go. Lina pambali pake linayankha. Kenaka lina! Anzanga, akugogoda! Ali moyo! Amayi ankaseka misozi ikugwera pa mazira, ati pofika mawa onse akhala atatuluka.

Belu ilo lalira, tiyeni. Koma mawa tikaweruka nonse mubwere kwathu mudzaone azing'ono anga. Iwe Natimba udzanyamule woyamba, koma usambe m'mapiko. Musadzachite phokoso, ndipo musavutike kubweretsa kanthu, kuona n'kwaulere. Chimodzi chokha: pakhomo mudzapeza amalume atakhala ndi nsengwa yawo ija. Akadzakutapirani mtedza, dikirani kaye amalize kuyankhula.